Mzungu amathamanga pamene ife timayenda: za liwu loti run

Aliyense amene adadutsako ku pulayimale akukumbukira tsiku limene aphunzitsi adalemba pabolodi kuti run, ran, run, n'kutiuza kuti tanthauzo lake ndi kuthamanga. Tidaloweza, tidakhoza mayeso, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tengani nyuzipepala ya Chingerezi nyengo ya chisankho. Mupeza kuti mtsogoleri wina wasankha running mate wake, ndipo ngati palibe amene apambane mokwanira kudzakhala run-off. Tsamba lotsatira likuti malo omwetsera mafuta have run dry. Pafoni panu palembedwa kuti pulogalamu ina is running in the background, n'chifukwa chake batire likutha msanga. Pa nkhani zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe amene watuluka thukuta.

Aphunzitsi aja sadatinamize. Adatipatsa tanthauzo limodzi mwa matanthauzo 645, ndipo nambala imeneyi ndi ya akatswiri a dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary, amene adaipeza m'chaka cha 2011 atawerenga ntchito za liwuli ngati mneni pokha, osaphatikizapo pamene likugwira ntchito ngati dzina.

Liwu limodzi, ana ambiri

Akatswiri a ziyankhulo ali ndi dzina la khalidwe limeneli. Amalitcha polysemy, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza "zambiri" ndi "chizindikiro". Amene adayambitsa dzinali ndi Mfalansa wina, Michel Bréal, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mfundo yake inali yakuti liwu likapeza tanthauzo latsopano silitaya lakale. Onse awiri amakhala pamodzi, ngati mwana wakwatira n'kumanga nyumba pafupi ndi ya makolo ake. Pakapita zaka mazana angapo, pamalopo pamakhala mudzi.

Ife a Chichewa zimenezi siziyenera kutidabwitsa, kungoti m'chiyankhulo chako zinthu zotere suziona. Taganizirani za kugwa. Mwana amagwa, mvula imagwa, kwacha imagwa, maliro amagwa, mnyamata amagwa m'chikondi, mlimi amagwa mphwayi mbewu zikapserera. Nanga kudya? Timadya nsima, galimoto imadya mafuta, msungichuma wosakhulupirika amadya ndalama za mpingo, ndipo pa bawo umadya nkhomo za mnzako. Mlendo wophunzira Chichewa akamva koyamba kuti wina wadya ndalama, m'mutu mwake mumabwera chithunzi cha munthu akutafuna mapepala. Ife sitisokonezeka chifukwa mawu ozungulira amatiuza kudya kwake ndi kuti, ndipo timamva tisanaganize n'komwe.

Mawu amene amabereka chonchi nthawi zambiri ndi aafupi, akale komanso a tsiku ndi tsiku. M'Chingerezi ndi monga run, set, get, take, make ndi put. Mawu aatali ochititsa mantha aja, monga photosynthesis, ndiwo ofatsa: ali ndi tanthauzo limodzi ndipo ukaligwira waligwira. Wophunzira amaopa mawu aatali, koma amene amamugwetsa pa mayeso a MSCE kawirikawiri ndi timawu ta zilembo zitatu.

Abale enieni ndi ongofanana nkhope

Pali chinthu china chimene anthu amachisokoneza ndi polysemy, ndipo dzina lake ndi homonymy. Apa ndi pamene mawu awiri osiyana, aliyense ndi mbiri yake, angopezeka kuti akulembedwa kapena kumveka mofanana. Chitsanzo chathu chodziwika ndi mtengo. Mtengo wa mango ukhoza kukhala chomera chimene chili kuseri kwa nyumba, kapena ndalama zimene mayi wa pamsika akukuuzani. Polemba palibe kusiyana, ngakhale poyankhula khutu limamva kuti mawu amakwera pa mtengo womera ndipo sakwera pa mtengo wa malonda.

M'Chingerezi aphunzitsi amakonda chitsanzo cha bank, lomwe ndi gombe la mtsinje komanso nyumba yosungako ndalama. La mtsinje lidalowa m'Chingerezi kuchokera ku ziyankhulo za kumpoto kwa Ulaya. La ndalama lidadzera ku Chifalansa kuchokera ku liwu la Chitaliyana loti banca, benchi limene osintha ndalama ankayalapo makobidi awo. Madikishonale amawalemba padera ngati mawu awiri. Komabe mukakumba kwambiri mupeza kuti awiriwa gwero lawo lakale ndi limodzi, chinthu chotumphuka ngati chiunda kapena benchi. Ndiye kuti malire a abale ndi ongofanana nkhope si olunjika monga mmene buku la sukulu limawajambulira.

Run ali mbali ya abale. Matanthauzo ake onse, ngakhale amene akuoneka otalikirana, ali ndi ulusi wowalumikiza, ndipo ulusiwo umaoneka tikabwerera kumene liwuli lidachokera.

Lidayambira m'madzi ndi m'miyendo

Chingerezi cha zaka 1,000 zapitazo chinali ndi mneni rinnan, amenenso ankalembedwa kuti irnan, ndipo anthu a ku Scandinavia amene adakhazikika ku England adabwera ndi mawu awo ofanana nawo, rinna ndi renna. Kuyambira nthawi imeneyo liwuli linkanena za zinthu ziwiri: munthu kapena nyama yopita ndi liwiro, ndi madzi oyenderera. Kwa ine, tanthauzo lachiwirili ndilo kiyi imene aphunzitsi sadatipatse. Mtsinje suthamangira kulikonse. Umangopitirira osaima, usana ndi usiku. Mukasunga chithunzi cha mtsinje m'mutu, matanthauzo ambiri a run amayamba kumveka okha.

Running water ndi madzi a m'mipopi. Mwana wachimfine amene mamina akuchucha ali ndi runny nose. Chitenje chatsopano chikatulutsa utoto pochapa, amati the colours have run. Msewu nawo amaunena ngati mtsinje: the M1 runs from Nsanje to the Tanzanian border, ngakhale msewu sudasunthepo chimangidwire. Mgwirizano wa lendi runs for two years. Matenda a shuga akakhala a kumtundu amati it runs in the family, ngati kuti akuyenderera m'magazi kuchoka kwa agogo kupita kwa zidzukulu.

Kenako kudabwera makina. England ndiye dziko limene mafakitale a nthunzi adayambira, ndipo mu 1830 sitima zidayamba kunyamula anthu pakati pa Liverpool ndi Manchester. Anthu adafunika liwu lonenera chinthu chimene chikuzungulira chosaima, ndipo run anali pafupi. Injini runs, sitima runs, fakitale runs. Pamenepo padangotsala phazi limodzi kuti munthu woyang'anira fakitaleyo akhale amene runs the factory, ndipo lero munthu amatha run sukulu, chipatala, sitolo ngakhale dziko. Makompyuta atabwera adatengera mwambo womwewo wa makina. M'chiyankhulo cha BASIC, chimene chidapangidwa ku Dartmouth College mu 1964, ukalemba pulogalamu yako unkatayipa RUN kuti iyambe ntchito, ndipo mpaka lero pa Windows pali kabokosi kotchedwa Run.

Tsopano tanthauzirani zonsezi m'Chichewa ndipo muone liwu limene likubwera pakamwa. Madzi akuyenda. Makina akuyenda. Sitima ikuyenda. Amayendetsa sukulu, amayendetsa bizinesi, amayendetsa boma. Tikakumana timafunsana kuti zikuyenda bwanji, ndipo wamalonda amadandaula kuti katundu sakuyenda. Ntchito yaikulu imene run amagwira m'Chingerezi, kwathu kuno imagwiridwa ndi kuyenda. Wophunzira akadauzidwa zimenezi ali Sitandade 5, pamene maphunziro ankayamba kuperekedwa m'Chingerezi, akadapulumuka ku chisokonezo chambiri.

Zoseketsa n'zakuti pali malo ena pamene ife timathamanga koma Mzungu sathamanga. Matenda amene timawatcha kuthamanga kwa magazi, iye amawatcha high blood pressure, kunena za mphamvu imene magazi akukankha nayo mitsempha. Mukauza dokotala wa ku London kuti my blood is running, ayamba kufunafuna bala.

Timawu tating'ono totsatira pambuyo

Gawo lalikulu la matanthauzo 645 aja limachokera ku chizolowezi china cha Chingerezi, chophatikiza mneni ndi kaliwu kakang'ono monga out, off, up, down, over kapena into. Zophatikizazi zimatchedwa phrasal verbs. Dzinali lidafala cha m'ma 1920, koma vutoli ndi lakale: Samuel Johnson, polemba dikishonale yake ya mu 1755, adadandaula kale kuti zophatikiza zoterezi zimapereka matanthauzo amene sungawalote poyang'ana mawu awiriwo payekhapayekha.

Run out ndi kutha: shuga watha, nthawi yatha, mayunitsi atha. Run into ndi kukumana ndi munthu mosayembekezera, ngakhale likhozanso kutanthauza kugunda khoma ndi galimoto. Run over ndi kuponda munthu ndi galimoto, koma msonkhano ukapitirira nthawi yake nawonso has run over. Run away ndi kuthawa. Nyumba yosasamalidwa ndi run-down, munthu wofooka ndi kutopa ndi run down, ndipo bwana akapempha rundown akufuna mumufotokozere mwachidule mmene zinthu zilili. Run up a bill ndi kuunjika ngongole pagolosale.

Kufanana kwake ndi Chichewa kulipo, kungoti ife timawu tathu timatimata kumchira kwa mneni. Kuthamanga, kuthamangira, kuthamangitsa. Mwana akathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, palibe amene amupanikiza liwiro. Kuyenda, kuyendera, kuyendetsa, kuyenderana: nduna ikayendera chipatala ikhoza kufika pa galimoto, ndipo mabanja amene amayenderana ndiye kuti amagwirizana. Mlendo amene wangoloweza kuti kuyenda ndi walk sangatulukire yekha kuti kuyendera ndi inspect. Zimamuvuta monga mmene run up imativutira ife.

Rerun, run-off ndi running mate

Apa ndi pamene liwuli lidalowa m'nkhani zathu ndi mphamvu, ndipo m'poyenera kuchedwapo chifukwa pa wailesi mawu awiri oyambawo nthawi zina amangotchedwa chisankho chachibwereza, pamene ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Rerun ndi kuchitanso chinthu kuyambira pachiyambi chifukwa choyambacho chafafanizidwa. Pa 3 February 2020, khothi loona za malamulo aakulu a dziko lino lidathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 May 2019 ndipo lidalamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. Anthu adavotanso pa 23 June 2020. Khothi lidatcha chisankhocho fresh election, nyuzipepala zakunja zambiri zidachitcha rerun. Ku Kenya zotere zidachitika mu 2017, khothi lalikulu litathetsa chisankho cha mu August chaka chomwecho. Zili ngati mayeso amene abedwa kapena asokonekera, ndiye onse alembenso.

Run-off ndi ndime yachiwiri ya chisankho chimene sichidalakwike kalikonse. Mavoti awerengedwa bwino, koma palibe amene wapeza oposa theka, choncho awiri otsogola amapikisananso okha. Dzinali lidachokera ku mipikisano ya liwiro, kumene opikisana akafika pamzere nthawi imodzi ankawathamangitsanso kuti apezeke wopambana. Ku France chisankho cha pulezidenti chimayenda chonchi. Ku Zimbabwe mu 2008 ndime yoyamba idachitika pa 29 March ndipo yachiwiri, ya Robert Mugabe ndi Morgan Tsvangirai, idaikidwa pa 27 June, ngakhale Tsvangirai adalengeza kuti watulukamo kutatsala masiku ochepa. Zambia idalowetsa lamulo la 50+1 m'malamulo ake mu 2016, ndipo ku Malawi chigamulo cha mu 2020 chija ndicho chidati wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Ngati rerun ndi mayeso olembedwanso, run-off ndi mapenate pambuyo poti matimu alepherana.

Mlangizi wa zaulimi akanena run-off, iye sakuganiza za chisankho. Akunena madzi a mvula amene salowa pansi koma amathamanga pamwamba n'kukokolola nthaka. Liwu ndi lomwelo, lina lachokera ku miyendo, lina ku mtsinje uja.

Running mate nalo ndi la ku mipikisano ya akavalo: kavalo wachiwiri wothamanga pambali pa mnzake kuti amuthandize kusunga liwiro. Anthu a ku America ndiwo adalilowetsa m'ndale, chifukwa kwa iwo chisankho ndi mpikisano wa liwiro, ndipo wofuna mpando runs for office. Ku Britain mwambo wakale ndi wakuti wofuna mpando stands for election. Ife timati waima pa chisankho, adzaimira chipani chakuti, zomwe zikufanana ndi kanenedwe ka ku Britain. Choncho m'nyuzipepala zathu mumapezeka munthu amene is standing koma ali ndi running mate, woima ndi wothamanga pa chikalata chimodzi chovotera, ndipo palibe amene amaona chachilendo.

M'nkhani za chuma muli bank run, pamene anthu ambiri akhamukira kubanki nthawi imodzi kukatapa ndalama zawo poopa kuti bankiyo igwa. Banki sisunga ndalama zonse za makasitomala m'chipinda, zambiri imakhala itazibwereketsa, ndiye onse akabwera tsiku limodzi imalephera kuwapatsa. Mu 2007 anthu adandanda pamizere kunja kwa nthambi za Northern Rock ku Britain. Mu March 2023 makasitomala a Silicon Valley Bank ku America adafuna kutulutsa madola pafupifupi 42 biliyoni tsiku limodzi, ambiri a iwo ali khale, akudina foni. Kuthamanga kudatsala m'dzina mokha.

Nambala ya 645 idapezeka bwanji

Oxford English Dictionary si dikishonale yoika m'chikwama. Cholinga chake ndi kulondola mbiri ya liwu lililonse, ndi zitsanzo za mmene anthu adalilembera m'zaka zosiyanasiyana. James Murray adayamba kuitsogolera mu 1879, gawo loyamba lidatuluka mu 1884, ndipo ntchito yonse idatha mu 1928, iye atamwalira kale mu 1915. Anthu ongodzipereka ankawerenga mabuku n'kumatumiza timapepala tolembapo ziganizo, ndipo akonzi ankatisanja m'milumilu: izi zikunena chimodzi, izi zikunena china. Mulu uliwonse umasanduka tanthauzo.

M'kope lachiwiri, la mabuku 20, lomwe lidatuluka mu 1989, liwu lokhala ndi matanthauzo ambiri linali set, ndi matanthauzo 430 a mneni amene kuwafotokoza kudatenga mawu pafupifupi 60,000. Mu 2000 akonzi adayamba kutulutsa pa intaneti kope lachitatu, kuyambira pa chilembo M. Atafika pa run, mkonzi Peter Gilliver adakhala nalo miyezi 9 lokhalo, ndipo adatuluka ndi 645.

Nambalayi ndi yoona, koma iyenera kumvedwa bwino. Muli matanthauzo amene adafa kalekale, ena a amalinyero, ena a osaka nyama, ena a masewero monga cricket. Palibe Mngelezi amene amawadziwa onse, ndipo dikishonale ya ophunzira imangopereka makumi ochepa. Komanso 430 ya set idawerengedwa ndi anthu ena pa nthawi ina, pamene 645 ya run idawerengedwa mothandizidwa ndi makompyuta ofufuza zolembedwa zochuluka. Kuziika pa sikelo imodzi kuli ngati kuyerekeza zokolola za minda iwiri, wina atayeza ndi ndowa, wina ndi thumba.

Zimene akatswiri sadamvanebe

Funso loyamba ndi lakuti tanthauzo limathera pati. Kodi run a shop ndi run a country ndi tanthauzo limodzi kapena awiri? Nanga kudya nsima ndi kudya nzimbe, poti nzimbe timatafuna n'kulavula? Olemba madikishonale ena amakonda kuphatikiza, ena kugawa, ndipo palibe lamulo lowaweruza. Alipo akatswiri amene amati liwu ngati run lili ndi tanthauzo limodzi lokha lotambasuka, ndipo zina zonse zimabwera ndi mawu ozungulira. Ena amati ubongo umasunga matanthauzo odziwika kwambiri payekhapayekha. Kafukufuku wa mmene ubongo umamvera mawu sadathetse mkanganowu.

Lachiwiri likukhudza makina omasulira. Mu 1960 katswiri wina, Yehoshua Bar-Hillel, adapereka chiganizo choti the box was in the pen, n'kunena kuti makina sangadziwe ngati pen ndi cholembera kapena kakhola kosewereramo ana, chifukwa kudziwa zimenezo kumafuna kudziwa kukula kwa bokosi ndi kwa cholembera. Makina a lero amachita bwino kuposa mmene iye ankaganizira, ndipo Google Translate idalandira Chichewa mu December 2014. Koma makinawa amaphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo zolembedwa za Chichewa pa intaneti ndi zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi. Kaya makina akumvadi kusiyana kwa kuyendetsa ndi kuthamangitsa, kapena akungotsatira zimene adaziona kawirikawiri, akatswiri akutsutsanabe.

Lachitatu ndi la eni ake a Chingerezi. Kuno munthu akatsekula m'mimba amauza adokotala kuti ali ndi running stomach, ndipo amamveka ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare ngakhale ku Nairobi, koma ku England kanenedwe kameneka si kozolowereka. Kodi ndi kulakwitsa koyenera cholembera chofiira, kapena ndi mwana winanso wa run wobadwira ku Africa? Oxford yayamba kulandira mawu a Chingerezi cha kuno: mu January 2020 idalowetsa mawu 29 a ku Nigeria, monga okada (njinga yamoto ya kabaza) ndi danfo (minibasi). Koma wochonga mayeso amatsatira silabasi, ndipo silabasi ndi dikishonale siziyendera limodzi.

Latsala ndi lathu lenileni. Tsiku lina chisankho chikadzafika pa ndime yachiwiri, owulutsa mawu adzafunika dzina lachichewa losiyanitsa run-off ndi rerun, kuti wovota wa ku Ntchisi kapena ku Chipata asaganize kuti voti yake yoyamba idatayidwa. Kodi adzati ndime yachiwiri, chisankho cha awiri otsogola, kapena adzangobwereka liwu la Chingerezilo monga tidachitira ndi running mate? Ndipo adzasankhe ndani, bungwe loyendetsa zisankho, akatswiri a ziyankhulo a kuyunivesite, kapena anthu okwera minibasi?